Ulendo wokagula zigamba kunyanja yamchere

Ndalowa m'nyumba 10 koloko itadutsa, nsapato zadzaza mchenga, jekete ikununkha mchere ndi ndowe za ng'ombe, ndipo m'chikwama muli kansalu komwe m'mawa uja ndinalumbira kuti sindingagule olo wina atandikakamiza bwanji. Ndilembe kaye ndisanagone, mawa ndidzakhala nditaiwala zambiri.

Anaphiri anafika pakhomo 7 isanakwane n'komwe, hutala pii pii ngati minibasi ya ku Area 25, ine ndili ndi mswachi m'kamwa. Anandiuza Lachitatu kuti achemwali Loweruka musapangane ndi munthu, tikupita kunyanja. Ine ndinangomva nyanjayo basi. Zoti ulendowu ndi wamashopu a nsalu ndinazidziwa tili kale pa Highway 26, Portland tamusiya kumbuyo, nditaona chijumbo chodzaza zitenje pampando wakumbuyo ndi kapepala kolembedwa mayina a mashopu. Ndinati Anaphiri mwandipusitsa. Akuti ayi mwanawe, nyanja uiona, ili panjira pomwepo, siithawa.

Amene simukuwadziwa, mayiwa akhala kuno ku America zaka zoposa 20, ndipo matenda awo ndi ma quilt. Anawatengera kwa azimayi achikulire akutchalitchi kwawo omwe amakumana kamodzi pa sabata kumasoka. Quilt ndi chofunda cha nsalu zitatu zosanjikiza, pamwamba tizigamba tolumikizalumikiza mwaluso, pakati thonje lofewa, pansi nsalu imodzi yaikulu, kenako zonsezo amazisokera pamodzi. Ndiye mfundo yanga ine kuyambira kale ndi yoti, munthu wanzeru zake angagule bwanji nsalu yatsopano yabwinobwino, n'kuiduladula, n'kuyambanso kuilumikiza? Kwathu ku Salima chigamba chinali chizindikiro choti kunyumba zinthu sizili bwino. Ine yunifomu yanga ya Sitandade 5 inali ndi chigamba kumbuyoku cha mtundu wosiyana ndi diresi, ndimayenda cham'mbali ngati nkhanu kuti anyamata asaone. Agogo anga amakatola tizidutswa totsala kwa telala wa pakhonde pa Kamuzu Road n'kusoka chofunda chathu ana, ndipo alendo akabwera chimabisidwa. Lero ndikwere galimoto makilomita 130 kukaona azungu akugula umphawi wanga pamtengo wa madola?

Ndinawauza zonsezi m'njira, iwo amangoseka n'kumatafuna mtedza. Msewu umakwera mapiri, mitengo italiitali yothithikana mbali zonse, kenako mwadzidzidzi phiri lonse lometedwa mpala, zitsa zokhazokha, mathiraki onyamula zipika akutidutsa ngati tinawalakwira. Kunali kamvula kowaza kaja kosadziwika ngati ndi mvula kapena nkhungu. June ameneyu eti, akuti ndi nyengo yotentha.

Ku tauni ya Cannon Beach tinafika cha m'ma 8:30, mashopu asanatsegule, ndiye mwayi unali wanga, tinayamba nyanja. Abale. Ndakhala ku Oregon chaka chachitatu chino koma Pacific ndinali ndisanaipondepo. Ine ndine mwana wa ku Senga Bay, nyanja ndimaidziwa, kapena ndimayesa choncho. Iyi ndi ina. Yotuwa ngati phulusa, phokoso lake losalekeza ngati chigayo, palibe bwato, palibe wochapa, palibe usipa pathandala, anthu angovala majekete n'kumayendetsa agalu. Ndinavula nsapato kuti ndiponde madzi mwamwambo, koma ndiye ndinakuwa! Kuzizira kolowa mpaka m'mano. Anaphiri ali patali akujambula vidiyo, akuseka mpaka kugwira m'mimba.

Chimwala chija chotchuka, Haystack Rock, n'chachikulu kuposa momwe chimaonekera pazithunzi, mamita 72 kuchoka pamchenga, chakuda, pamwamba pali kaudzu ndi mbalame zosawerengeka. Tinapeza madzi ataphwera ndiye timatha kufika pafupi. M'timaenje ta madzi m'miyala muli tizamoyo todabwitsa, tina tooneka ngati nyenyezi ta mtundu wa olenji ndi papo titamatirira kumwala, tina tobiriwira ngati maluwa koma nkhanu yaing'ono ikadutsapo timadzitseka. Panali mayi wina wongodzipereka woyang'anira malowo, anatiletsa kuponda pamiyala yokhala ndi zamoyo, kenako anatiitana kuti tisuzumire pa chipangizo chake choonera patali. Ndinaona kambalame kakuda ka nkhope yoyera, mlomo waukulu wa olenji, ndi nthenga zachikasu zogwera kumbuyo ngati mesh yosalukidwa bwino. Akuti ndi puffin, zimabwera kudzaikira mazira pamwalapo miyezi ino, zikatero zimabwerera pakati panyanja. Anaphiri kuyang'ana kamodzi kokha anati, mitundu imeneyo, wakuda, woyera ndi olenji, ingakhale bwino pa quilt. Munthu ameneyu sachira.

Mayi yemweyo ndi amene anatiuza kuti dzina la tauniyi linachokera ku mzinga (cannon pachizungu) wa sitima yankhondo yotchedwa Shark yomwe inasweka mu 1846, mzingawo n'kukokoloka kudzafika kugombe lino. Koma chimene chinandikhudza ine ndi china. Gombe lonse la Oregon ndi la aliyense, palibe hotela kapena wolemera amene angatchinge mchenga. Bwanamkubwa Oswald West anayambitsa mu 1913 pochita kulengeza kuti gombe ndi msewu wa boma, ndipo mu 1967 nthawi ya Tom McCall anakhwimitsa lamulo, nkhani itavuta chifukwa mwini motelo wina wa mu Cannon Beach momwemo anatchinga mchenga kuti ukhale wa alendo ake okha. Ndinangokumbukira mipanda ya makoteji kwathu kuja, pomwe tinkasamba tili ana pano pali mlonda ndi galu. Sindinayankhule kanthu, ndinangovala nsapato.

Shopu yoyamba. Ndivomere, kulowa mokha ndinangoti kukamwa yasa. Mipukutu ya nsalu kuyambira pansi mpaka kudenga, yosanjidwa potsata mtundu, buluu yekha mashelefu atatu, kuyambira wotuwira ngati thambo la m'mawa mpaka wakuda bii. Zina zojambulidwa nyenyezi za m'nyanja zija, zina mitengo, zina nyumba za nyali zowongolera sitima. Kenako ndinatembenuza kapepala ka mtengo. Madola 14 yadi imodzi! Ndinayamba kuwerengera m'makwacha, Anaphiri anandimenya kadzanja, akuti siya masamu amenewo udwala BP. Chabwino chokha n'choti ku Oregon kulibe msonkho wa pa kauntala, mtengo wolembedwawo ndi womwewo.

M'mabasiketi munali tinsalu topindidwa bwinobwino ngati mipango, tomangidwa ndi kariboni. Amati fat quarter. Ndinafunsa kuti chanenepa n'chiyani pamenepa, Anaphiri anandilongosolera kuti ukadula kota ya yadi mwachizolowezi umapeza kamzere kowonda, mainchesi 9 okha m'lifupi, kosathandiza kwenikweni, ndiye iwo amadula theka la yadi n'kuligawa pakati, kumatuluka kansalu ka mainchesi 18 kwa 22 komwe ungadulemo zigamba zazikulu. Ndiye kuti zigamba zogulitsa zili ndi dzina ndi riboni yomwe. Agogo anga akanamva akanaseka mpaka kutsokomola.

Tsono nkhani yalero ili apa. Anaphiri akusoka quilt ya mwana wawo wamkazi yemwe akukwatiwa mu September, ndipo akufuna ikhale ya zitenje zokhazokha zimene asonkhanitsa zaka zonsezi. Anazikhuthula pathebulo lodulirapo nsalu, chitenje cha mpingo, cha tsiku la anakubala, yunifomu ya ukwati wa mng'ono wawo, china chakale cha Whitex chofewa ngati thewera, ndi china cha buluu ndi golide chimene amachitcha wakisi wa apongozi. Chomwe amafuna m'shopumo ndi nsalu yofatsa yoika pakatipakati, chifukwa zitenje zathu zonse zimalongolola, ukazigundanitsa popanda wozilekanitsa maso amatopa. Azimayi atatu omwe amagula zawo anasiya n'kutizungulira, kugwiragwira, kufunsa kuti mawu awa akuti chiyani, ine ndiye womasulira tsopano. Mwini shopu, mayi wa imvi wa magalasi olendewera pakhosi, anatenga wakisi uja, kumutikita ndi zala, kumuyang'ana kuseri, kumutikitanso. Kenako mwaulemu wake anati iyi ndikukayika ngati ndi thonje lokhalokha, mukaiyese musanaiike simbi yotentha.

Nkhope ya Anaphiri! Anangoti zikomo, kulipira mayadi awiri a nsalu yotuwira ngati mchenga, kutuluka. M'galimoto ndiye anaphulika. Akudziwa chani za wakisi mzungu ameneyu, apongozi anga anandipatsa ndi manja awo nditapita kumudzi 2016, anati wachokera ku Congo, sindinauvalepo ndi kamodzi komwe, ndimausunga pansi pa sutikesi ngati satifiketi. Anayankhula kuchokera pa Cannon Beach, kulowa mumphanga ya msewu ya Arch Cape, kutulukamo akuyankhulabe.

Pa phiri la Neahkahnie msewu wa 101 umayenda m'mphepete mwa phompho, pali malo oimikapo galimoto otchingidwa ndi kampanda ka miyala, pansi penipenipo nyanja, kutsogolo gombe la Manzanita litangoti tambalala mpaka kosaoneka. Dzuwa linali litatulukako pang'ono, madzi asintha kukhala obiriwira. Malo okongola kuposa onse amene ndaona chibwerereni kuno, ndipo ife tinawagwiritsa ntchito yowotcha nsalu. Anaphiri anatulutsa kasizasi, kudula kachidutswa kam'mphepete mwa Whitex ndi ka wakisi, ine kugwira ndi chozulira nsidze, iwo machesi. Mphepo inazimitsa timitengo tinayi, mpaka tinachita kunjuta kuseri kwa chitseko cha galimoto ngati ana osuta fodya kusukulu. Ka Whitex kanayaka bwinobwino, fungo ngati pepala, phulusa lake lofewa longofufutika m'zala. Ka wakisi kanangoona moto n'kukhwinyata, kusungunuka, utsi wakuda, fungo la jumbo yopsa, kutsala kampira kolimba ngati mkanda. Pulasitiki.

Tinakhala chete mwina masekondi asanu. Kenako Anaphiri anati, mayi aja, Mulungu awakhululukire kumene aliko. Ndinaseka mpaka kukhala pansi pa phula, iwonso misozi mbwee, banja lina la azungu lomwe limajambula nyanja linasuntha pang'ono kutitalikira.

Kuchoka apo tinangodutsa Nehalem, Wheeler, Rockaway Beach, Garibaldi, timatauni ta msewu umodzi, paliponse zikwangwani za buluu zolozera kothawira kukabwera tsunami. Shopu yachiwiri tinaipeza yotseka, papepala pachitseko analemba kuti abwera posachedwa, tinadikira mphindi 20 osabwera. Yachitatu inali yaing'ono, yonunkhira khofi, kumbuyo kuli chimakina chachitali ngati bedi ziwiri chomwe chimasoka nsalu zitatu zija pamodzi, anthu amabweretsa ntchito zawo n'kulipira. Kumeneko ndi kumene ndinagwa. Panali kansalu ka buluu wozama ka timizere toyera tosaongoka, ndendende nyanja ya kwathu mwera ukamayamba. Ndinakagwira, kukasiya, kuzungulira shopu yonse, kukagwiranso. Madola 4. Anaphiri anayang'ana kudenga dala ngati sakuona.

Tillamook umayamba kuimva ndi mphuno usanaione, ng'ombe zamkaka mbali zonse. Pa makola akuluakulu ndi nyumba zina apachika matabwa opentedwa mapatani a quilt, ndiye Anaphiri amayendetsa uku akutchula mayina ake, ine ndikuwakumbutsa kuti msewu uli kutsogolo. Tinalowa ku Latimer Quilt and Textile Center, nyumba yomwe kale inali sukulu. Mmenemo ndi mmene ndinatsekedwa pakamwa pang'ono. Pali ma quilt akalekale, ndipo ena ukawayandikira ukuona kuti si nsalu za m'shopu ayi, ndi malaya otha, madiresi a ana, matumba a ufa ndi a chakudya cha nkhuku omwe azimayi ankachapa n'kusokera zovala nthawi ya umphawi wa m'ma 1930. Timisoko ta pamanja ting'onoting'ono, pena pokhota pomwe mwina munthu anayamba kusinza. Chimodzimodzi chofunda cha agogo chomwe timabisa alendo chija, kungoti ichi chapachikidwa pakhoma, chili ndi nyali yakeyake ndipo saloleza kuchigwira. Chathu chija kaya chinathera kuti, mwina anayalira agalu.

Za madola 14 pa yadi sindinasinthe maganizo, ndi misala ndithu.

Njala itatipweteka tinapita ku fakitale ya tchizi ya Tillamook, ya alimi omwe anagwirizana kuyambira 1909, anthu ngati kumsika wa Lizulu. Tinaonera pagalasi zibuma za tchizi zikuyenda pa lamba, tinadya ayisikilimu tikunjenjemera ndi mphepo, kenako Anaphiri anatulutsa kontena ya mpunga ndi nkhuku m'galimoto chifukwa ati za m'lesitilanti sizikhutitsa. Cape Meares tinangothamangirako mochedwa, kanyumba ka nyali ka 1890 kafupi ngati thanki yamadzi, mamita 12 osakwana, koma kali pamwamba pa phompho ndiye kutalika sikamakufuna. Nkhungu inabwera n'kutseka zonse tisanajambule n'komwe.

Pobwerera pa Highway 6 m'nkhalango muja ndinawafunsa kuti nanga wakisi wa apongozi mutaya? Akuti nditaye chifukwa chani. Patani yomwe asankha ndi log cabin, imayamba ndi kachigamba kamodzi pakati, mwamwambo kofiira koimira moto wa pakhomo, timizere tina n'kumazungulira. Ndiye pakati pa bokosi lililonse la pataniyo aikapo ka apongozi, azidzasita ndi simbi yofunda chabe ataphimba ndi kansalu. Ati mwanayo azifunda agogo ake momwe analili.

Loweruka likudzali akubwera ndi chodulira chawo chozungulira chija ndi rula kuti andiphunzitse msoko wa kota inchi. Ndawauza kuti ndingoonerera. Sutikesi yanga ya zitenje ili pamwamba pa wadilopu, ndipo muli ziwiri zomwe azakhali anandiuza kuti ndi wakisi weniweni. Machesi atsala atatu.