Tebulo la matumba mu imelo ya Lachisanu

Bungwe limene ndimagwirako ntchito kuno ku Chipata limagula soya ndi nshawa kudzera m'madepoti athu a ku Katete, ku Petauke ndi ku Lundazi, ndipo kaundula yense wa matumba ndi malipiro timamusunga mu Salesforce, dongosolo la pa intaneti losungiramo marekodi a bizinesi. Lolemba m'mawa amayi amene amayang'anira ndalama anandiitanitsa ku ofesi kwawo. "Bambo, akalaliki a m'madepoti akundiimbira foni tsiku lililonse kufunsa matumba amene tawalembera," anatero. Iwo ankafuna kuti imelo imene imapita Lachisanu lililonse izikhala ndi tebulo losonyeza tsiku, kulemera kwa katundu ndi ndalama zotsala.

Template wamba, chikombole cha imelo chimene Salesforce imadzaza yokha, singathe kuchita zimenezi chifukwa imangotenga zimene zili pa rekodi imodzi, pamene depoti iliyonse imakhala ndi mizere yambirimbiri. Njira yake ndi template ya Visualforce (njira ya Salesforce yopangira masamba), imene imalola kuikamo component, kachigawo kopangidwiratu, yokhala ndi controller, kapulogalamu kolembedwa m'chinenero cha Apex kokatolera mizereyo. Kampani ya ku Lusaka imene inatikonzera dongosololi inali itaika kale component yotere m'phukusi lake, lija amalitcha managed package, moti ine ndinkaona ngati pofika nkhomaliro ndikhala nditamaliza.

Lachiwiri lonse linapita. Poyamba ndinaitana component ija ndi c: kutsogolo kwa dzina lake monga ndinazolowera, ndipo template inakana kusungidwa, n'kunena kuti component yoteroyo kulibe. Chilembo chimenechi ndi cha zinthu zimene munthu wapanga yekha m'dongosolo lake, koma chochokera m'phukusi chimaitanidwa ndi namespace, dzina lapadera la phukusilo. Nditakonza zimenezo inakananso, ndipo ulendo uno chifukwa chake chinali chachikulu: component yogwiritsidwa ntchito mu template ya imelo iyenera kukhala ndi access="global", mawu oitsegula kuti izigwiritsidwa ntchito kunja kwa phukusi lake, pamodzi ndi attribute iliyonse, ndiko kuti khomo limene component imalandirira zinthu kuchokera kunja. Yathuyi inalibe, ndipo zamkati mwa phukusi lotere n'zokhoma, wogula sangazisinthe.

Lachitatu ndinaimbira foni bambo amene amalemba mapulogalamu kukampaniko. Ndivomere kuti atayamba kuzengereza ndinawaganizira ulesi, popeza kwa ine anali mawu amodzi okha ofunika kulemba. Iwo anandifotokozera modekha kuti chinthu chikangotulutsidwa m'phukusi chili global sichibwezedwanso m'mbuyo, chifukwa makasitomala ena amakhala atamangapo kale ntchito zawo, choncho dzina lililonse limene atitsegulire lero adzalisenza zaka zonse za phukusilo. Ine ndinali nditalemba zinthu zinayi zoti anditsegulire, kuphatikizapo mtundu wa mizere ndi mutu wa tebulo. Tinakambirana nthawi yaitali ndithu, mpaka tinagwirizana pa attribute imodzi yokha, yolandira Id (nambala yodziwira rekodi) ya depoti kudzera mu relatedTo, mawu oloza rekodi imene imelo ikukhudza. Nditaika foni pansi ndinaona kuti zitatu zinazo ndinkangozifuna chifukwa cha maonekedwe.

Phukusi latsopano linafika Lachinayi, magetsi atathima, ndipo ndinaliika mu sandbox, kope la dongosolo loyeserapo zinthu, jenereta ikulira kuseri kwa ofesi. Template inasungidwa bwinobwino, koma imelo yoyeserera sinafike. Sandbox yatsopano imabwera Deliverability, gawo lolamulira katumizidwe ka maimelo, itaikidwa potumiza maimelo a dongosolo okha, ndipo pamafunika kuisintha kuti ilole onse. Ndisanasinthe ndinayamba ndachotsa maadiresi a akalaliki n'kuikamo yanga, chifukwa sandbox yathu ili ndi marekodi okopedwa ku dongosolo lenileni, ndipo munthu wa ku Petauke akanalandira ziwerengero zabodza za ndalama zake ikanakhala nkhani ina. Pafoni tebulo linaoneka lothinana pang'ono, koma manambala ankawerengeka, ndiye ndinalemba zimenezo pamndandanda wa zodzapempha mtsogolo.

Lachisanu masana maimelo anapita. Pasanathe ola limodzi kalaliki wa ku Lundazi anaimba foni, ndipo amayi aja anandiyang'ana ngati akuti ntchito yanga yapita pachabe. Koma kalalikiyo sankafunsa chiwerengero. Ankanena kuti patebulo pakusowa matumba atatu a soya amene analandira Lachiwiri, ndipo titafufuza tinapeza lisiti lake lili m'kabati ya muofesi mwathu, lisanalowetsedwe mu kompyuta.