Maola asanu a mayi aja

Lolemba basi yathu yaing'ono inanyamuka 9 koloko kukatenga agogo m'makomo mwawo. Ndimagwira ntchito mumzinda wa Leeds ku England, pamalo amene okalamba amadzaswerapo masana n'kubwerera kwawo dzuwa likapendeka. Ambiri ali ndi dementia, matenda aja oiwalitsa munthu ngakhale dzina la mwana wobereka yekha. Ndinabwera kuno mu 2022, chaka chimene boma la Britain linatsegula viza ya anthu osamalira odwala ndi okalamba.

Pakhomo lachitatu panatuluka agogo aamuna a zaka 84, atavala majekete awiri. Akazi awo anali pambuyo, maso ali psuu. Anandinong'oneza kuti usikuwo bambowo anadzuka kanayi, akuti achedwa kuntchito. Ntchito yake ndi ya kufakitale ya zovala imene inatsekedwa kalekale. "Muwabweza nthawi yanji, mwanangu?" Ndinati 3 koloko, monga mwa masiku onse. Anawerenga maolawo pa zala, n'kupumira m'mwamba.

Lachiwiri linadutsa bwino: tiyi, kutakasa miyendo atakhala pamipando, nkhomaliro, kenako kulemba m'buku zimene aliyense wadya ndi kumwa. Za madzi sindichita nazo chibwana. Munthu wokalamba samva ludzu msanga, ndipo thupi likauma mutu umasokonezeka kuposa kale.

Lachitatu timaimba. Njira imeneyi a Alzheimer's Society, bungwe lothandiza odwala dementia, amaitcha Singing for the Brain, ndipo ine ndaona ndi maso anga zimene imachita. Pali gogo wina wamkazi amene tsiku limatha osatulutsa liwu, manja ali pamiyendo, maso pansi. Titayamba nyimbo ya kutchalitchi ya pa utsikana wawo, milomo inayamba kugwedera, kenako anaimba ndime zonse osaphonya. Mwana wawo anali atafika msanga tsikulo. Anaima pakhomo osalowa, chikwama chili m'manja, misozi ili mbwembwembwe.

Lachinayi ndilo linandiyesa. Cha m'ma 1 koloko agogo a majekete aja anaimirira n'kuyamba kumenya chitseko, akuti kapitawo awalipitsa. Kuwauza kuti fakitale kulibenso n'kuwapweteka pachabe, chifukwa nthawi iliyonse amaimva ngati nkhani yatsopano. Ndinawabweretsera dengu la matawulo, ndikuti, "Bambo, tandithandizeni, izi zikufunika munthu wodziwa nsalu." Anakhala pansi. Tawulo lililonse ankaliwongola, kuyendetsa chala m'mphepete mwa msoko, kenako n'kulipinda bwinobwino. Limodzi analiika padera, akuti losokedwa mwaulesi. Ndipo linalidi lotero.

Anthu akamva za ntchito yathu amaganiza za agogo okha. Ine ndimaganizanso kwambiri za otsala kunyumba. Kalembera wa 2021 anapeza kuti ku England ndi Wales kuli anthu pafupifupi 5 miliyoni osamalira abale awo popanda malipiro. Ku England lamulo la Care Act la 2014 limati wosamalira mnzake ali ndi ufulu woti khonsolo iunike zosowa zakenso, koma ambiri amene ndimacheza nawo sanamvepo zimenezi. Mayi aja ndinachita kuwalembera papepala.

Ndikawaona ndimakumbuka amayi anga ku Ntcheu. Agogo anga atayamba kuiwalaiwala n'kumatuluka usiku, anthu m'mudzi anayamba kunong'onezana za ufiti. Amayi ankagona pakhomo penipeni kuti agogo asawadutse, m'mawa n'kupita kumunda. Panalibe wowalandirako ngakhale tsiku limodzi. Nthawi imeneyo dzina la matendawa sitinkalidziwa, ndipo zimandiwawabe.

Lachisanu titawabweza bambo aja, akazi awo anatichingamira tsitsi atakonzetsa. Anati Lolemba anagona maola atatu osadzidzimuka, ndipo Lachinayi anakwanitsa kupita kwa dokotala kukayezetsa BP yawo, ulendo umene anali atausintha kawiri. Amuna awo anawapatsa moni ngati mlendo, koma mwansangala, n'kuwauza kuti ntchito yayenda bwino lero.

Mayiwo anandigwira dzanja n'kufunsa ngati sabata yamawa malo a bambowo alipobe. Ndinati alipo. Nditabwerera ku ofesi ndinapeza mabanja ena awiri aimba foni kufunsa malo, ndipo ndinawalemba pamndandanda wa odikira.