Lipoti la ulendo wa ku Helsinki: kumene tinapeza dziwe losambiramo ndi sauna

Gulu lathu lili ku Helsinki, m'dziko la Finland, linkafuna malo a anthu onse osambirako komanso sauna, chipinda chotentha kwambiri chomwe anthu amakhalamo kuti atuluke thukuta. Nazi zofunika kudziwa kwa amene adzapiteko.

Pa mapu a pa foni lembani mawu oti uimahalli, mudzaona maiwe a m'nyumba a mzindawo. Musanyamuke musanaone nthawi yotsegulira, chifukwa ambiri amatsekedwa kwa masabata angapo chapakati pa chaka kuti akonzedwe. Nyengo imeneyo anthu amakhamukira ku Uimastadion, dziwe la panja lomwe munachitikira mipikisano ya Olimpiki ya 1952.

Chomwe chimabweza alendo ambiri ndi zovala. Pa dziwe lina anzathu aamuna anakanizidwa kulowa m'madzi chifukwa cha makabudula otaya okhala ndi matumba, omwe amabweretsa litsiro ndi ulusi m'madzi. Pamafunika chovala chosambirira chogwira thupi. Musanalowe m'dziwe mumasamba ndi sopo pa shawa mutavula zonse. Lamuloli ndi labwino, chifukwa thukuta ndi mafuta odzola zikachepa m'madzi, nayo klorini siwawa kwambiri m'maso.

Ma sauna amasiyana kachitidwe, choncho funsani pakhomo. Ku Kotiharjun Sauna, m'dera la Kallio, yomwe inatsegulidwa mu 1928, amasonkha nkhuni ndipo amuna ndi akazi amalowa mbali zosiyana. Ku Löyly onse amakhala pamodzi atavala zosambirira, ndipo gulu lalikulu liyenera kusungitsa malo pasadakhale.

M'kati mumatentha madigiri 70 mpaka 100. Vulani ndolo, mawotchi ndi mikanda yachitsulo, poti zimawotcha khungu. Yalani kathawulo pokhalira. Woyamba kumene akhale pa benchi la m'munsi popeza kutentha kumathawira m'mwamba, ndipo mphindi 10 n'zokwanira asanatuluke kukazizidwa. Musanathire madzi pa miyala ya mbaula, funsani anzanu omwe muli nawo: chikho chimodzi chokha chimadzutsa nthunzi yoluma m'makutu, makamaka kwa okhala pamwamba. Imwani madzi musanalowe ndiponso mukatuluka, mowa ayi. Mukayamba kumva chizungulire tulukani pomwepo, koma mudzuke pang'onopang'ono kuti musagwe. Odwala mtima kapena BP ayambe aonana ndi dokotala ulendo usanayambe.