Atco wanga ndi nkhwani wa madamu

Ine ndinakula ndikudana ndi udzu. Ku pulayimale ukachedwa aphunzitsi amangokupatsa chikwakwa nkukulozera bwalo la mpira, utchetche mpaka matuza m'manja, ndiye wina akanandiuza nthawi imeneyo kuti tsiku lina ndidzatulutsa ndalama zanga kugula makina otchetchera akufa, adzimbiri, obadwa kale kuposa ine, bwenzi titayambana.

Anandilowetsa m'mavutowa ndi aneba athu kuno ku Leicester, madala ena achizungu opuma pantchito. Kuseri kwawo kuli shedi yodzadza ndi makina akale otchetchera kapinga, ma Ransomes, Qualcast, Suffolk Punch, onse opukutidwa ngati galimoto za pa ukwati. Ukangowapatsa moni basi wapalamula, amayambira kwa Edwin Budding wa ku Stroud uja anapanga makina oyamba mu 1830 atatengera nzeru ku makina a mufakitale ometa ubweya pa nsalu, eti munthuyo ankawayesa usiku kuopa kuti anthu amuyesa wamisala, kenako akuuze kuti ku Southport kuli mpaka myuziyamu ya zotchetchera zokhazokha. Ine mumtima ndimvekere koma kukhuta kumeneku. Sipanathe miyezi iwiri ndinali ndikutsitsa mu vani Atco, mtundu wina wa makina otchetcherawa, wa m'ma 1950 yemwe ndinamupeza ku car boot, kaunjika wa azungu uja. Mapaundi 40. Kunyumba ndinakanena kuti 15.

Chinthucho kulemera kwake ngati mwana wa ng'ombe. Kumbuyo chirola chachitsulo, kutsogolo mipeni yozungulira imene imadula ngati sizasi pokhulana ndi mpeni wina wapansi, ndi bokosi lowolera udzu. Injini yake ndi Villiers, zosakaniza zija, magawo 16 a petulo gawo limodzi la oyilo, ndipo polizira umachita kuponda ngati njinga yamoto ya kabaza. Chimene sindinachiganizire bwino nchakuti makinawa amayenda okha, iwe ntchito yako nkungotsatira pambuyo utagwira zigwiriro.

Miyezi itatu ndili mushedi ndikaweruka. Kabuleta ndinatsukira mu kapoto ka madamu kophikira tiyi, nkhani imeneyo tiisiye. Penti yobiriwira ndinapaka mpaka ndi tilauzi lomwe. Tsiku loyesa ngati pulagi ikutulutsa moto madala aja anati ndigwire pulagiyo ikhudze injini iwo aponde, sananene kuti ndigwire pa labala, ine ndinagwira pa chitsulo penipeni. Abale inu. Ndinaona kumudzi, ndinaona ndi agogo anga omwe anatisiya kalekale. Madala aja ali mwee, eti moto ulipo wabwino kwambiri.

Tsono mumvetse malo ake. Kapinga wathu ndi wa mphasa zitatu basi, nyumba za kuno mukuzidziwa. Kutsogolo kwake ndi kadimba ka madamu, mpiru, bonongwe ndi nkhwani. Nkhwani kuno si wa masewera, sungampeze mu shopu yapafupi, maunguwo anayamba kuwalera pawindo m'tizitini mu April kuopa chisanu, kuwathirira ngati makanda, ndipo anali atalonjeza kale amayi atatu a kutchalitchi kuti Lamulungu adzalawa wotendera. Pamwamba pa dimbalo pamadutsa chingwe choyanikira zovala.

Loweruka lina mu July kunacha bwino, ndinatulutsa Atco akunyezimira, ana ndawaimika pakhomo kuti aone ntchito ya bambo awo. Madamu ali pawindo la kukhitchini anangoti, "Bambo a ana, chinthu chanucho chiloze kwina." Ine ndimvekere musadandaule mayi, ichi sichisuntha mpaka ndikoke kilatchi. Osadziwa kuti pomanga ndinaikunga kolakwika waya wa kilatchiyo, inali yogwira kale.

Kuponda koyamba zii. Kachiwiri anangotsokomola. Kachitatu ndinaponda ndi mkwiyo wonse wa miyezi itatu, Atco nkudzuka, utsi wabuluu kuti tolo, ndipo asanandifunse ananyamuka. Mwendo umodzi unali udakali m'mwamba, dzanja limodzi pa chigwiriro, ndiye anandikoka chotsimphina ngati mbuzi yokana kupita ku msika, kungoti apa mbuziyo ndinali ine. Kapinga wa mphasa zitatu anamumaliza ndisanamalize kunena kuti mayo. Mpiru anadutsamo. Bonongwe sindinamuonenso. Atafika pa nkhwani mipeni ija ikungoti tchetchetche, masamba akuthira mu bokosi mwaulemu ndithu monga mmene Budding anafunira.

Ndinakumbuka kuti injini zakalezi ukachotsa waya wa pulagi zimazima. Ndinaugwira. Agogo aja ndinawaonanso kachiwiri, ulendo uno anali ndi anzawo.

Chimene chinaimitsa Atco ndi chitenje. Anagunda mtengo wa chingwe, zovala nkugwa, chitenje cha madamu chomwe anapatsidwa ndi amayi awo ponyamuka ku Chileka chinakulungidwa mu mipeni mpaka injini inabanika nkuzima. Kunangoti zii. Ine ndili chagada m'maungu, sokosi ya mwana ili pamphumi, ana akuseka mpaka wamng'ono kukhala pansi.

Kenako pampanda panatulukira mutu wa madala aja. Anayang'ana dimba, anayang'ana ine, nkunena ndi nkhope yachimwemwe kuti injini imeneyo ikulira bwino zedi, ndisaigwirenso kabuleta.

Madamu anatuluka pang'onopang'ono, osakalipa, zomwe zinandiopsa kwambiri. Anachotsa bokosi lija, anasuzumiramo, nkhwani woduladula bwinobwino wosakanikirana ndi kapinga, akununkha petulo. Anandipatsira m'manja.

"Ndiwo zanu izi bambo, mwadula kale. Nsinjiro zili mu kabati."

Ali pakhomo anacheuka. "Komanso risiti ya penti ndinaiona m'thumba la tilauzi. Mawa ku tchalitchi amayi atatu aja mukawafotokozere nokha, mukayambire pa mapaundi 15 paja."