Tambala wa Bohemond

Popeza nkhani ya bokosi lija yafika kale kwa ena a inu itathiridwa mchere wambiri, ndi bwino muimve kwa mwini wake amene anagonamo. Pa sewero la mbiri yakale ku koleji ndinali Bohemond, mtsogoleri wa Anormani amene analanda mzinda wa Antioch mu 1098, yemwe anali mwana wa Robert Guiscard. Anna Komnene, mwana wa mfumu Alexios ya ku Constantinople, analemba kuti Bohemond, pofuna kuwoloka nyanja osagwidwa ndi adani, anafalitsa mbiri yoti wamwalira, nagona m'bokosi la maliro pamodzi ndi tambala wakufa kuti fungo likhutiritse aliyense wokayika.

Anzanga anakana tambala wakufa ponena kuti holoyo inali yaing'ono, motero anandigoneka ndi wamoyo, womangidwa miyendo ndi luzi, amene madzulo ake anayenera kukhala ndiwo. Poyamba tinagona mwaulemu ngati alendo okhala mpando umodzi m'basi. Kunja olira maliro anali kudziguguda pachifuwa, ndipo wosewera msilikali wa mfumu anayandikira atatsina mphuno, nalengeza mokweza kuti munthuyu wafadi ndipo wayamba kuwola.

Pamenepo kuwala kwa magetsi kunalowa pa timabowo timene tinaboola kuti ndizipumirapo, ndipo mnzangayo anaganiza kuti kwacha. Ndinamumva akudzikoka, akutambasula khosi pang'onopang'ono pafupi ndi khutu langa, akukoka mpweya wonse umene unatsala m'bokosimo, kenaka analira kokoliriko amene ndikukhulupirira kuti anamveka mpaka ku Antioch komweko. Luzi linaduka. Anandiponda pachifuwa, anandimenya mapiko kumaso, nayamba kujompha mphuno yanga modekha ndi mosamala, pomwe ine mtembo ndinali chigonere, manja ali pamimba, chifukwa mtembo wolemekeza ntchito yake sukuwa.

Amene mukuseka mukumbukire kuti Bohemond, ngakhale anali ngwazi yoopedwa ndi mafumu, anasankha tambala wakufa, ndipo mbiri sinamuyese ndi wamoyo. Iye atafika ku Corfu anatuluka m'bokosi natumiza uthenga woopseza mfumu. Ine chivindikiro chitatseguka, woyamba kutuluka anali tambala, amene anthu anamuwombera m'manja ataimirira, ndipo uthenga wanga wonse unatsakamira pakhosi pamodzi ndi nthenga.

Madzulo amenewo tinadyera nyemba, poti mwini tambala anasintha maganizo.