Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Lamulo lomwe bambo analikonda

Sabata yatha ndinalekezera pa riferendamu ya pa 14 June 1993, nyali ya matipate itagonjetsa tambala wakuda wa chipani chimodzi. Kwathu ku Kasungu kunali zii ngati pamaliro. Musaiwale kuti kuno n'kwawo kwa Kamuzu, ndipo bambo anga anavotera tambala mosabisa.

Ine ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4, ntchito yanga inali kuthandiza kusankha fodya m'chigafa ndi kusamala mabatire a wailesi. Wailesiyo ndiyo inatiuza kuti zipani zakhala pansi mu National Consultative Council kulemba malamulo atsopano oyendetsera dziko. Bambo ankangoti, "Malamulo olembedwa mothamanga ngati munthu wothawa mvula, angalimbe?" Kunena zoona sanalakwe kwenikweni. Nyumba ya Malamulo ku Zomba inawavomereza pa 16 May 1994, mawa lake anthu n'kuponya voti. Anagwirizana kuti ayambe ayesedwa chaka chimodzi, kenaka aunikidwenso.

Chaka choyeseracho ndicho chinabweretsa mikangano m'chigafa mwathu. Atsibweni, omwe anali nyakwawa, mtima wawo unali pa seneti, nyumba yachiwiri momwe boma lililonse limayenera kutumizamo mfumu imodzi yosankhidwa ndi mafumu anzake. Iwo anali mfumu yaing'ono, sakanalowamo, koma ankayankhula ngati suti asoketsa kale.

"Alamu, mafumu tikakhalamo anyamata andalewa sadzatipondanso."

Bambo analibe nazo ntchito zimenezo. Iwo anakopeka ndi gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu asanamalize zaka zisanu ngati sakuwatumikira. Munthu yemwe anakana matipate uja anandituma kuti ndiwalembere nambalayo pachikuto cha kope lomwe ankalembamo mabelo a fodya. Chifukwa chake ndinachidziwa mochedwa: mlatho wapamtsinje wathu unali utakokoloka kalekale, ngolo zinkazungulira kutali, ndipo aliyense wopempha voti ankaulonjeza.

"Iwe, werenganso," ankatero madzulo ndikabwera ndi nyuzipepala yobwereka kwa aphunzitsi. Ndinkawamasulira Chingerezi chomwe nanenso ndinkachimva mwa apo ndi apo.

Mu February 1995 kunachitika msonkhano waukulu wounika malamulowo ku Lilongwe. Nthumwi zinafuna kuti gawo 64 likhalebe, seneti nayonso ikhalepo. Koma mawu omaliza anali a aphungu, eni ake oyenera kuchotsedwawo. Gawo 64 analifufuta chaka chomwecho, seneti n'kuikankhira kutsogolo, mpaka mu 2001 anaithetseratu isanakumanepo ndi tsiku limodzi lomwe. Pomwe mpando wa wachiwiri wina wa pulezidenti, womwe anakhalapo Chakufwa Chihana, unapezeka msangamsanga andale atagwirizana. Mpaka lero zimenezi zimandiwawa, ngakhale ndimavomereza kuti malire a materemu awiri a pulezidenti anatipulumutsa mu 2002.

Tsiku lomwe ndinawauza bambo za gawo 64 sanayankhe. Anatenga kope lija, n'kukhwatcha nambalayo ndi cholembera, n'kundiuza kuti ndikamange ng'ombe pangolo chifukwa mabelo amayenera kukafika kumsewu dzuwa lisanalowe. Tinadzera njira yozungulira ija.

Gawo likubwerali ndidzakusimbirani mmene ulendo umenewo unandipezetsera ntchito yanga yoyamba, ya ukalaliki pa esiteti ina ya fodya.