Kugula matope mu Epulo, ku Mzuzu

Loweruka, ku Katoto. Mvula inayamba m'bandakucha ndipo mpaka usiku uno ikuwazabe. Amene anakhalako ku Mzuzu akudziwa kuti Epulo kuno si mwezi wovalira nsapato zoyera. Kamsewu kolowera kwathu kasanduka phala, akabaza akungotsitsira anthu pamphambano. Ndiye tangoganizani nkhope ya mayi akunyumba pamene alamu anatsitsa kachidebe m'galimoto m'mawa uno, ine n'kukatsegula mwaulemu ngati muli uchi, koma m'katimo muli matope.

"Bambo, zoona ndalama zija munatumiza ku Dar es Salaam zinali zogulira thope? Panjapa latha?"

Alamu, amene amapita ku Tanzania kukapikula katundu wa ku msika wa Mataifa, anakweza manja. "Achemwali, ine musandifunse, ndangonyamula. Pa Songwe anandifunsanso chimodzimodzi, ndinangoti eni ake ndi amene akudziwa."

Thopeli ndi la thanki yanga yowetera nsomba, ndipo mlandu wa thankiyi ndi wakale pakhomo pano. Nkhata Bay ili pafupi, ulendo wa ola limodzi, ndipo mbuna za m'nyanja yathu anthu a kunja amazilipirira ndalama zambiri kuti aziwete m'nyumba zawo. Ine, m'dziko lopanda nyanja yamchere, ndinasankha kuweta za m'nyanja yamchere. M'thankimo muli malita 200, tinsomba tiwiri ta clownfish, nkhanu yaing'ono ndi makorali ofewa ochepa, tinyama tija timamatirira pamiyala n'kumaoneka ngati zomera. Madzi ndimasakaniza ndekha, magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita iliyonse, mpaka choyezera mchere chiwerenge 1.025. Mcherewo si wa pa ndiwo ayi, ndi wopangidwira ntchito imeneyi, wokhala ndi kashiamu, maginiziyamu ndi zina zimene makorali amafuna. Kutentha kumafunika kukhala pa madigiri 25, ndipo ndi kuzizira kwa kuno hita sipuma usiku.

Pansi pa thanki, m'kabati, muli kathanki kena kosaonekera kwa alendo. Madzi amasefukira mmenemo, n'kudutsa m'tizipinda titatu, pampu n'kuwabwezera pamwamba. Kachipinda kapakati ndi kamene amati refugium, tingoti pothawirapo. Ndi malo oti ndere ndi tizilombo ting'onoting'ono tizikula popanda nsomba zotidya. Ntchito ya nderezo ndi yosavuta kumva kwa aliyense amene anagwirapo khasu. Zotsala za chakudya ndi ndowe za nsomba zimasanduka naitireti ndi fosifeti, chakudya chomwechija timagulira chimanga m'thumba la feteleza. Zikachuluka m'thanki yaikulu, ndere zoipa zimakuta miyala n'kutsamwitsa makorali. Ndiye umalima dala ndere zako pansi, zizidya fetelezayo, zikachuluka n'kuzula zina kukataya. Zimene wataya zapita ndi litsiro lomwe.

Mwana wanga wamkazi, wa Fomu 3, anaima pakhomo ndi kapu ya tiyi. "Adadi, bwanji osangokatapa kumtsinje wa Lunyangwa? Ndikanakutengerani ndowa yodzaza, mukanandipatsa theka la ndalamazo."

Funso lake linali lanzeru kuposa mmene ankaganizira, moti ndinamuyankha mofatsa. Thope la kudambo ladzaza masamba owola, manyowa ndi feteleza wokokoloka m'madimba, zinthu zomwezo ndikuyesetsa kuchotsa m'madzi. Choopsa kwambiri ndi mankhwala. Ena amene alimi amapopera tomato ndi khofi poteteza ku chiwawu ali ndi kopa, ndipo kopa ngakhale wochepetsetsa amapha makorali, nkhono ndi nkhanu. Nsomba zikhoza kupirira, zinazo ayi. Supuni imodzi ya thope lolakwika ikhoza kumaliza zimene ndasamala kwa chaka ndi theka.

Thope logulali ndi lina. Ndi losalala ngati ufa woyera, lotuwa mopita ku khofi, ndipo ukalipekesa pakati pa zala sumva mchenga. Nzeru yoika thope mu refugium inatchuka m'zaka za m'ma 1990 kudzera mwa Leng Sy wa ku California, amene kampani yake ya EcoSystem Aquarium inkagulitsa thope lotchedwa Miracle Mud. Njira yake inali yoti uyale thope pang'ono, pamwamba pake pamere ndere za mtundu wa Caulerpa, nyali iziyaka usana ndi usiku, ndipo chaka chilichonse uzichotsa theka la thopelo n'kuika latsopano. Thopelo limatulutsa pang'onopang'ono ayironi ndi michere ina imene ndere zimafuna, komanso nyongolotsi ndi tizilombo tina timapeza pokumba. Pambuyo pake kunabwera ena, monga thope la ku Fiji la Walt Smith.

Apa ndiulule. Caulerpa ine ndinaikana. Imakula msanga inde, ndipo ili ndi timizu timene timagwira m'thope, koma ili ndi khalidwe loipa: tsiku lina imangoyera yonse, n'kusungunuka, n'kutulutsira m'madzi zonse zimene inadya. N'chifukwa chake ankaiyatsira nyali osazimitsa. Ku Mzuzu kuno ndani angalonjeze nyali yosazima? Mtundu wake wina, Caulerpa taxifolia, ndi uja unapezeka m'nyanja ya Mediterranean pafupi ndi Monaco mu 1984 n'kufalikira mosaletseka. Ine ndinasankha Chaetomorpha, ndere zobiriwira zopotanapotana ngati waya wokwechera mapoto. Koma Chaetomorpha ilibe mizu. Imangoyandama, thopelo osalikhudza n'komwe. Oweta ambiri masiku ano amaisunga m'kachipinda kopanda kanthu pansi ndipo imakula bwinobwino. Ndiye ngati mayi akunyumba akanadziwa zimenezi, mlandu wanga ukanakula. Chimene ndagulira thopeli kwenikweni ndi tizilombo, ma copepod ndi ma amphipod, chifukwa ndikulakalaka kudzaweta nsomba ya mandarin, imene imakana chakudya cha m'botolo, imangotola tizilombo tamoyo pamiyala tsiku lonse. Ngati pali chozizwitsa m'thopemo, ndidzachiona ndi maso anga. Pakadali pano ndikuganiza kuti ntchito yaikulu imagwiridwa ndi ndere ndi nyali.

Cha m'ma 10 koloko ndinazimitsa pampu n'kukapa madzi a m'kachipindako. Sindinathire thope pagalasi penipeni. Ndinabwereka makontena awiri apulasitiki kukhitchini (mawu oti kubwereka ndi anga, eni ake anali kutchalitchi kokonzekera kwaya) kuti tsiku losintha ndidzangonyamula imodzi osavundula inzake. Thopeli salitsuka, chifukwa ukalitsuka wataya chimene wagula. Ndinaliyala masentimita awiri ndi theka, n'kuwaza kamchenga pamwamba, n'kuika sosala, madzi n'kumathira pa sosalapo pang'onopang'ono ngati wothirira nazale ya fodya.

Mpaka apa zonse zinali bwino. Cholakwa chinali changa. Pamafunika kudikira maola angapo kuti thope likhazikike, koma ine patangotha mphindi 40 mtima unandikoka, ndinayatsa pampu. Paipi yotsitsa madzi inali italoza pakona ya kontena. Ndisanaphethire, thanki yonse ya pabalaza inali ngati thobwa. Tinsomba tinathawira kuseri kwa mwala, makorali anafinyikira ngati nkhonya. Mwana uja anangoti, "Adadi, mwatakasa," n'kubwerera kuchipinda kwake.

Ndinazimitsanso, ndinakhotetsa paipi, ndinatsekera thonje losefera panjira ya madzi. Ndinalisintha katatu, lililonse likutuluka lofiirira. Cha m'ma 1 koloko miyala inayamba kuoneka. Ndinadya nsima ndi usipa maso ali kuthanki.

Ndiye cha m'ma 2 koloko magetsi anazima.

Anthu amaganiza kuti magetsi akazima ndimadandaula za nyali. Nyali ikhoza kudikira ngakhale masiku awiri. Chimene chimandisowetsa mtendere ndi madzi oima. Thope losalala chonchi mpweya wabwino umangolowa pamwamba penipeni, pansi pake mulibe. Zimenezi pang'ono n'zabwino, chifukwa mabakiteriya okhala kosafika mpweyako ndi amene amasandutsa naitireti kukhala mpweya wa naitirojeni, n'kuuluka. Koma thope likakhala lakuya kwambiri, litadzaza zowola, madzi pamwamba osayenda, amabwera mabakiteriya ena amene amadya salifeti wa m'madzi amchere n'kutulutsa mpweya wonunkha ngati dzira lovunda. Amene anapondapo m'dambo mwendo n'kutitimira, thope lakuda n'kutulutsa fungo lija, akudziwa chimene ndikunena. Mpweya umenewo ndi poizoni kwa nsomba. Thope langali ndi la lero, lilibe chowola, ndiye lero panalibe choopa kwenikweni. Koma ndinakhala pansi n'kuwerengera miyezi ikubwerayi, ndipo ndinaona kuti masentimita awiri ndi theka aja sindidzawonjezera, ngakhale thope latsala theka la chidebe.

Inveta yanga ndi yaing'ono. Imakwanitsa pampu, koma hita ingamalize batire msangamsanga. Ndinalumikiza pampu yokha, thanki n'kuifunditsa bulangete. Choyezera kutentha chitatsika kufika pa 24 ndinakoleza mbaula, ndinathira madzi otentha m'mabotolo awiri apulasitiki, ndinatseka zolimba n'kuwayandamitsa m'kathanki kapansi. Mayi akunyumba anandipeza nditagwada pakabati, mutu uli m'kati, ndikununkhiza.

"Mwayamba kupembedza thope tsopano?"

Linkangomveka kafungo ka mchere basi.

Magetsi anayaka 6 koloko itangodutsa. Alamu anabweranso madzulo kudzatenga ambulera yawo, ndipo ndinawapatsa ntchito ina: ulendo wamawa akandifunsire mbewu ya mtengo wa mangrove kwa ogulitsa za m'thanki. Mitengo imeneyi imamera m'matope a m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo kumathiriro a mtsinje wa Rufiji ku Tanzania komweko kuli nkhalango yake yaikulu. Umenewo ndiye uli ndi mizu yeniyeni yoti n'kulowa m'thope langali. Alamu anati, "Alamu, thope ndanyamula. Tsopano mtengo. Ulendo winawo mudzandituma nyanja."

Nyali ya pamwamba imazima 9 koloko, ya pansi n'kuyaka nthawi yomweyo. Ndinazikonza mosinthana dala. Usiku m'thanki yaikulu zonse zimangopuma, mpweya woipa umachuluka, madzi n'kuyamba kupendekera ku asidi. Ndere za pansi zikakhala pa kuwala nthawi imeneyo zimayamwa mpweyawo, ndipo madzi sapendekera kwambiri ku asidi pofika m'mawa.

Pano ndi 10 koloko. Madzi ayera, kwangotsala kautsi pang'ono. Makorali awiri atseguka, limodzi likadali lokwiya. Ndabweza mpira wa Chaetomorpha m'kachipinda kake, ndipo nditaunika ndi tochi ya foni ndaona ka amphipod kamodzi, kopindika msana, kosaposa njere ya mpunga, katatsika m'nderemo. Kanayenda pamwamba pa mchenga, kanaima, kanakumba pang'ono m'mphepete mwa kontena mpaka kanafika pathope, n'kulowa theka la thupi. Ndinaitana mayi akunyumba kuti adzaone. Anawerama, anayang'anitsitsa nthawi yaitali ndithu, kenako maso awo anachoka pa kachilomboko n'kupita pa chimene kanakhalamo.

"Bambo, si makontena anga oikamo nyemba awa?"